Mafunso ndi Mayankho: Keke Yoyera Ikamatuluka Yotuwa Pachithunzi

FUNSO: Ndimaphika makeke a ukwati, ndipo makasitomala ambiri amandipeza akaona zithunzi pa Facebook ndi WhatsApp. Keke imakhala yoyera mbee, koma pachithunzi imatuluka mbuu ngati yagwera m'phulusa. Ndikawonjezera kuwala, timaluwa tonse ndinakongoletsera tija timasowa, pamangotsala chinthu choyera chopanda maonekedwe. Kodi kamera yanga ndi yowonongeka? Ndine mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, kamera yanu ili bwinobwino. Kamera iliyonse, ngakhale ya pafoni, ili ndi kachipangizo koyeza kuwala, koma kachipangizoka sikadziwa ngati kutsogolo kwake kuli keke, makala kapena thonje. Kanakonzedwa kuti chilichonse chimene kayeza kachikokere pakatikati pa kuyera ndi kuda, pa mtundu wa phulusa umene ojambula amautcha 18% grey. Keke yoyera ikadzaza chithunzi, kamera imayesa kuti kuwala kwachuluka, ndiye imachepetsa mpaka keke ija itatuwa. Mulu wa makala umatulukanso wotuwa pa chifukwa chomwechi, kungoti apo kamera imawonjezera.

Ndiye muiuze nokha kuti chimene ikuonacho ndi choyera. Pakamera pali batani lolembedwa +/-. Yambirani pa +1, mujambule, kenako +1.3, kenako +1.7. Nambala yathunthu iliyonse ndi stop imodzi, kutanthauza kuwala kowirikiza kawiri. Zinthu zoyera zambiri zimakhala bwino pakati pa +1 ndi +2. Pafoni, dinani pa keke, ndipo kachizindikiro ka dzuwa kapena kamzere kakatuluka, kasuntheni pang'onopang'ono mpaka keke iyere.

Ngati kamera yanu ili ndi Manual, pamene muyeso wa kuwala mumatchera nokha, ndi bwino kwambiri, chifukwa muyeso susintha mukasuntha mbale kapena maluwa. Ikani ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, pa 100, bowo la lensi pa f/8 kuti keke yonse ioneke yakuthwa, ndipo kamera ikhale pa tripod, choimikira cha miyendo itatu. Tiyerekeze kamera ikunena kuti 1/30 ya sekondi, nthawi imene imatseguka kuti kuwala kulowe, ndiye muyeso woyenera: inu ikani 1/15, imene ndi +1, kapena 1/8, imene ndi +2. Pa liwiro lotsika chonchi dzanja limagwedeza chithunzi, choncho tcherani timer ya masekondi 2 n'kuchotsapo manja.

Musadalire maso anu pa sikirini ya kamera, imanama. Masana panja imaoneka yoderako, usiku imawala mopitirira. Tsegulani histogram, kagirafu kaja kooneka ngati phiri. Kumanzere ndi kwakuda, kumanja ndi koyera. Pa keke yoyera, phirilo likhale kumanja, koma lisagunde khoma lomaliza. Likaunjikana pakhomapo, ndiye kuti malo ena afika pa 255, nambala yomaliza ya kuyera, ndipo pamenepo palibe chimene chatsala choti n'kubweza, ngakhale mutapita ndi chithunzicho pa kompyuta. Malo owala a keke akhale cha m'ma 235 mpaka 245. Makamera ambiri alinso ndi chenjezo limene limathwanimitsa malo opserera, liyatseni. Ngati kamera imalola RAW, mtundu wa fayilo yosunga chithunzi chosakonzedwa, jambulani mu RAW, chifukwa imasunga zambiri m'malo owala kuposa JPEG, fayilo wamba ya zithunzi.

Tsopano za timaluwa tija, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Batani la +/- palokha silingatibweze. Duwa loyera lili pa keke yoyera limaoneka chifukwa cha kamthunzi kamene kali m'mbali mwake, basi. Kuwala kukachokera kutsogolo, monga flash ya pakamera, kumadzaza timaenje tonse, mithunzi n'kuthawira kuseri kumene kamera sikuona. Zimitsani flash imeneyo. Ikani tebulo pafupi ndi zenera lalikulu lopanda dzuwa lolasa, zeneralo likhale kumanzere kapena kumanja kwa keke, kapenanso chakumbuyo pang'ono. Mukatero muona kamzere ka mthunzi pansi pa duwa lililonse. Dzuwa likamalowa, pachikani nsalu yoyera yopyapyala pazenera. Mbali yakutali ndi zenera ikada kwambiri, imikani katoni yoyera kumeneko kuti ibweze kuwala, koma musaiyandikitse mpaka mthunzi kutheratu. Yambirani pa masentimita 50, muzisuntha mukuyang'ana keke.

Ngati mukugwiritsa ntchito nyale, samalani mtunda. Kuwala kumachepa msanga: mtunda ukawirikiza kawiri, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Keke yotambalala masentimita 30, nyale itaima masentimita 50 kuchokera m'mphepete mwake, mbali yapafupi imalandira kuwala kowirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi mbali yakutali. N'chifukwa chake uku kumapserera, uko kuli mdima. Nyaleyo mukaibweza mpaka mita imodzi ndi theka, kusiyana kumatsika kufika pa theka la stop. Koma nyale yakutali imapanga mithunzi youma, ndiye tambasulani nsalu yaikulu pakati pa nyale ndi keke.

FUNSO: Ndimagulitsa mbale ndi makapu oyera pa intaneti. Ndikufuna kumbuyo kwake kukhale koyera mbee ngati zithunzi za m'masitolo akuluakulu, koma m'mphepete mwa mbale mumasungunukira m'pepala lakumbuyo. Ndine bambo wa ku Johannesburg.

YANKHO: Bambo, choyera pa choyera chimafuna zakuda. Dulani makatoni awiri akuda bii, aatali kuposa mbaleyo, muimike wina kumanzere wina kumanja, kunja pang'ono kwa malire a chithunzi. Mbale yonyezimira imatenga chithunzi cha zimene zaizungulira, choncho m'mphepete mwake mutuluka kamzere kotuwa kamene kailekanitse ndi pepala. Mukayandikitsa katoni kamzere kamakula n'kudera, mukaitalikitsa kamachepa. Ngati katoni yakuda palibe, kutani katoni wamba ndi nsalu yakuda.

Kachiwiri, mbale ndi pepala lakumbuyo zisadyere nyale imodzi. Masitolo ngati Amazon amafuna kuti chithunzi chachikulu cha katundu chikhale ndi kumbuyo koyera kwenikweni, 255 pa mitundu yonse itatu, wofiira, wobiriwira ndi wa buluu. Kuti pepala lifike pamenepo mbale ili pa 240, liyenera kuwala kuposa mbale. Talikitsani mbale ndi pepalalo mita imodzi kapena iwiri, pepala mulipatse nyale yakeyake, ndipo muziwonjezera kuwala kwake pang'onopang'ono mpaka chenjezo lija litayamba kuthwanima pa pepala pokha. Imani pomwepo. Ambiri amalakwitsa apa poganiza kuti kuwala kochuluka ndiye kuyera kwabwino. Mukapitiriza, pepala limasanduka nyale, kuwala kwake kumazungulira m'mphepete mwa mbale n'kukalowa mu lensi, chithunzi chonse n'kuchita ngati muli nkhungu. Mukaona nkhunguyo, chepetsani nyale yakumbuyo, valikani lens hood, kachipewa kotchinga lensi ku kuwala kochokera m'mbali, ndipo phimbani ndi zakuda mbali za pepala zimene sizikulowa m'chithunzi.

Nyale ikakhala imodzi, ife tingakulangizeni kuti musalimbane ndi 255. Pepala lotuwa pang'ono limaonetsa mbale yoyera bwino kwambiri, ndipo kwa ogula a pa WhatsApp n'lokwanira.

FUNSO: Ndimasoka madiresi a ukwati ndi malaya a mvano. Pachithunzi mbali ina imatuluka yachikasu, ina ya buluu. Ndine telala wa ku Chipata.

YANKHO: Mwasakaniza kuwala kwa mitundu iwiri. Mtundu wa kuwala umayezedwa mu Kelvin (K): kuwala kwa masana kuli cha m'ma 5500K, pamthunzi kumakwera kufika cha m'ma 7000K n'kupendekera ku buluu, pamene babu lachikasu la m'nyumba lili pakati pa 2700K ndi 3000K. Maso athu amazolowera zonsezi osazindikira, koma kamera imatha kukonza mtundu umodzi wokha pa nthawi imodzi. Sankhani chimodzi: zimitsani magetsi mujambule ndi zenera, kapena tsekani makatani mugwiritse ntchito mababu ofanana okhaokha.

Kenako konzani white balance, muyeso umene umauza kamera mtundu wa kuwala kuti choyera chituluke choyera. Ikani grey card, kakhadi kotuwa ka ojambula, pamene pali diresi, muijambule, n'kuuza kamera kudzera pa Custom White Balance kuti itengere pamenepo. Pepala la mu ofesi si lodalirika kwenikweni, chifukwa ambiri mwa mapepalawa amathiridwa mankhwala owalitsa amene amapendekera ku buluu. Mankhwala a mtundu womwewo ali mu nsalu zambiri zoyera ndi mu sopo waufa wochapira, n'chifukwa chake malaya ochapa kumene amatha kuoneka a buluu panja.

Yang'ananinso zimene zazungulira diresilo. Khoma lobiriwira, pansi popaka polishi wofiira, ngakhale chitenje chimene mwavala, zonse zimapaka mtundu wake pa nsalu yoyera. Yalani nsalu yoyera pansi, ndipo inu valani zakuda kapena zotuwa.

FUNSO: Pa kapu yadothi yoyera pamatuluka kadontho kowala kwambiri. Ndikachepetsa kuwala kuti kachoke, kapu yonse imada. Ndine wophunzira wa ku Mzuzu.

YANKHO: Kadonthoko ndi chithunzi cha nyale yanu, monga mmene nkhope imaonekera pagalasi, ndipo kuchepetsa muyeso wa kamera sikungakachotse. Kuwala kumabwerera pa ngodya yofanana ndi imene kwafikira, choncho pa chinthu chafulati ngati thireyi kusuntha nyale pang'ono kumakwanira. Kapu ndi yozungulira, ndiye kadontho kamangosamukira pena. Chofunika ndi kukakulitsa. Imikani tracing paper, pepala lopyapyala lodutsa kuwala, kapena nsalu yopyapyala masentimita 30 kuchokera pa kapu, nyale ikhale masentimita 50 kuseri kwa nsaluyo kuti iwale yonse. Kadontho kaja kasanduka mzere wautali wofewa wotsika m'mbali mwa kapu, ndipo mzere umenewu musauchotse, ndi umene ukuonetsa kuti kapuyo ndi yosalala. Polarising filter, galasi lovalika kutsogolo kwa lensi, imathandizanso kuchepetsa kunyezimira mukaizunguza pa lensi, koma imadya kuwala kwa stop imodzi ndi theka kapena ziwiri, ndiye ngati liwiro linali pa 1/30, litsike kufika cha pa 1/8, kamera ili pa tripod.