Mwana akalemba kuti nyama inasintha chifukwa inafuna, ndichonge kapena ndikhwatche?

FUNSO: Akonzi, ine ndimaphunzitsa Biology fomu 4 ndipo mutu wa evolution (kusintha kwa mitundu ya zamoyo m'kupita kwa mibadwo) ukundizunguza pochonga. Mwana akalemba kuti kadyansonga anatalikitsa khosi pofuna masamba akumwamba ndimakhwatcha, koma tsiku lina mtsikana wina anandifunsa kuti sala, ndiye kuti nyama palibe chomwe imachita, imangokhala phee kudikira kusankhidwa? Ndinasowa choyankha. Mphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, mtsikana ameneyo mumusamale, wafunsa funso lenileni. Za khosizo mukukhwatcha bwino, amenewo ndi maganizo akale a wasayansi Lamarck a mu 1809, koma zoona nzakuti kufuna sikusintha ma gene (tinthu ta mthupi tomwe mwana amatengera kwa makolo) ndipo khosi lokoka sungasiyire mwana. Koma zoti nyama imangokhala phee ayi ndithu. Wasayansi Darwin yemweyo, amene analemba za natural selection (kusankha kwa chilengedwe, koti zamoyo zoyenerana ndi malo awo ndi zomwe zimapulumuka nkuswana) mu 1859, buku lake lomaliza la mu 1881 linali la nyongolotsi, mmene zimatembenuzira dothi, ndiye tangoganizani, ana a nyongolotsizo amabadwira mu dothi lomwe makolo awo analisintha kale. Chiswe ndi chulu chake nchimodzimodzi.

Chitsanzo chomwe ine ndimachikonda chili mu nyanja yathu ya Malawi momwemu. Pali nsomba zina zokhala pamchenga zomwe yaimuna imanyamula mchenga ndi kamwa nkumanga kachulu kapena kukumba kadzenje, yaikazi imayendera nkusankha yoti iswane nayo, ndiye zochita za nsombazo ndi zomwe zikugamula kuti ma gene a ndani apitirire ku mbadwo winawo. Nsombayo sikuganiza zosintha mtundu wake, koma ikuchitapo kanthu.

Pamayeso musamangosaka mawu oti "inafuna" nkuthetha cholembera chofiira, mwana wina amamvetsa koma Chingerezi ndi chomwe chamuthawa. Apatseni nkhani ya udzudzu womwe sukufanso ndi mankhwala a mu neti, afotokoze okha, ngakhale pakamwa mu Chichewa kaye. Kenako mufunse kuti udzudzu wosafawo unalipo kale mankhwala asanabwere kapena unaphunzira? Amene wati unalipo kale wochepa, winawo unafa, wotsalawo nkuswana, mpatseni malikisi ake. Amene wati udzudzu uliwonse unazolowera pang'onopang'ono, ameneyo mukhale naye pansi ndi nyemba zamitundu iwiri pa desiki, azichotsa zambiri za mtundu umodzi ngati udzudzu womwe wafa, zotsalazo aziwirikiza kawiri, abwereze katatu kenako awerenge yekha.