Okala ikuuma chifukwa chakhumi mukuchichotsa pa mpamba

Funso: Alangizi, ndili ndi okala ku Chinsapo mumzinda wa Lilongwe. Ndinayamba ndi mpamba wa K700,000. Pa tsiku ndimagulitsa pafupifupi K60,000, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Madzulo aliwonse ndimapatula K6,000 ya chakhumi ndisanagwire china chilichonse, chifukwa ndimakhulupirira kuti wondipatsa ndi Mulungu. Koma katundu akunka natha m'mashelefu. Mwezi uno ndinakongola K200,000 ya katapila yoti ndidzabweze K300,000, ndipo K50,000 ndinakafesa kwa mtumiki wina amene anati inditsegulira makomo. Ndinalonjezanso K100,000 ya chitukuko cha tchalitchi chathu. Abale akabwera ndi mavuto sindiwabweza chimanjamanja. Kodi chikhulupiriro changa n'chochepa, kapena wina akundichita chitaka? — Mayi wodandaula, Chinsapo

Yankho: Pepani mayi, zikumveka kuti tulo simukutiona. Kalata ngati yanuyi imabwera kawirikawiri, chimasintha ndi dzina la msika ndi mtundu wa katundu basi, ndipo nthawi zonse imathera pomwe mwathera inupo: chikhulupiriro kapena chitaka. Za chikhulupiriro ndikusiyira abusa anu, ngakhale ndikukayika ngati munthu wopatula chakhumi madzulo aliwonse angatchedwe wochepa chikhulupiriro. Za chitaka, tikamaliza kuwerengera muona nokha kuti m'kabati mwanumo mulibe ndalama yotsala yoti wina n'kuvutikira kuikoka. Funso limene munayenera kundifunsa ndi lakuti pa K60,000 imene imalowa pa tsikuyo, yanu ndi zingati. M'kalata yonse mwatchula zogulitsa, zopereka ndi ngongole, koma phindu simunalitchule ngakhale kamodzi. Simukulidziwa.

Tiyeni tiwerengere mwachisawawa. K60,000 masiku 6 ndi K360,000 pa sabata, K1,440,000 pa masabata anayi. Katundu wa pa okala, monga shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira ndi machesi, salola kuikapo zambiri chifukwa okala ina ili pakhomo lachitatu ndipo aliyense amadziwa mtengo. Ndikukomereni mtima tinene kuti pa K100 iliyonse imene mwagulitsa, K85 ndi ya kooda, K15 ndiyo yapamwamba. Ndiye kuti pa mwezi yapamwamba ndi K216,000. Pamenepo chotsanipo lendi, tinene K30,000, kabaza ndi minibasi zokaoda, K24,000, magetsi K10,000, majumbo K6,000, katundu wosweka, wodontha ndi wodyedwa ndi makoswe, K6,000. Zonse pamodzi K76,000. Yotsala ndi K140,000, ndipo imeneyi ndiyo malipiro anu a pa mwezi.

Tsono chakhumi chanu ndi K6,000 masiku 24, yomwe ndi K144,000. Mukupereka malipiro anu onse ndi K4,000 ya pa mpamba, musanagule ndiwo ngakhale ya tsiku limodzi. Koma kudya mumadya, ana amasamba ndi sopo wa pa shelefu, tiyi amamwa ndi shuga wa pa shelefu. Tikati pakhomo pamapita K4,000 pa tsiku, ndi K120,000 pa mwezi, yonse ikuchoka pa mpamba. K700,000 ikamadyedwa chotere siingadutse miyezi 6, ndipo apa sitinawerengere abale. Manambala anu enieni akhoza kusiyanako ndi angawa, koma mathero ake ndi omwewo.

Kondakitala wa minibasi amagwira ndalama zambiri pa tsiku, koma palibe amene amamuuza kuti apereke chakhumi pa zonse zimene watolera, chifukwa mmenemo muli ya mafuta ndi ya mwini galimoto. Amapereka pa zimene walandira iyeyo. Inunso K85 pa K100 iliyonse mukungoisunga usiku umodzi, m'mawa ikuyenera kubwerera kooda. Chakhumi cha munthu wa bizinesi chimachokera pa phindu, ndipo pa masamu athuwa ndi K14,000 pa mwezi. Mipingo imaphunzitsa mosiyana pa nkhani ya chakhumi, ina imachitsindika kwambiri, ina imangonena za chopereka chaufulu. Koma pitani kwa abusa anu kapena mkulu wa mpingo ndi pepala la masamuwa m'manja, muwafunse ngati Malaki 3:10 akutanthauza kuti mupereke ndalama yokaodera katundu. Mukafuna kupereka zoposa K14,000 palibe wokuletsani, bola zichoke pa gawo lanu, mudziwe kuti mwadzimana nyama ya Lamulungu kapena chitenje chatsopano. Panopa amene akudzimana ndi shelefu.

Paulo pa 2 Akorinto 8:12 ndi 13 anati chopereka chimalandiridwa molingana ndi zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe, ndipo sanafune kuti ena apepukidwe pamene woperekayo akusautsika. Vesi limeneli silimveka kawirikawiri pa tsiku la zopereka, koma lili m'buku lomwelo.

Tsopano za katapila, ndipo apa mundilole ndikalipe. K200,000 kubweza K300,000 ndi chiwongoladzanja cha K100,000 pa mwezi umodzi. Kuti okala yanu ipange K100,000 yapamwamba, pa K15 ija pa K100, muyenera kugulitsa katundu wa K670,000, kumene ndi kugulitsa kwa pafupifupi masabata awiri. Masabata awiri mukudzuka m'mamawa, kutsegula, kupima mafuta, kukangana ndi ana pa chenji, zonse mukugwirira wokongozayo. Miyambo 22:7 inanena kale kuti wokongola amakhala kapolo wa womukongoza. Ndiye pa K200,000 ija, K50,000 munakafesa, kutanthauza kuti ndalama imene yagwira ntchito ndi K150,000, koma yobweza ikadali K300,000. Mbewu ya K50,000 ija idzakutengerani K75,000 pa tsiku lobweza. Imene munaperekayo inali ndalama ya mwini katapila, ndipo iye sadzafunsa kuti inapita ku guwa liti.

Olalikira za kufesa amakonda nkhani ya mayi wamasiye wa ku Zarefati pa 1 Mafumu 17, amene anaphikira Eliya mkate ndi ufa wake womaliza. Ufawo unali wake, sanakabwereke kwa anansi pa chiwongoladzanja. Nkhani imene ikufanana ndi yanu ndi ya pa 2 Mafumu 4, ya mayi wamasiye amene wokongoza anafuna kumulanda ana ake awiri. Elisa asanachite chozizwitsa anayamba wamufunsa kuti m'nyumba ali ndi chiyani, ndipo mayiyo anayankha molondola: kamtsuko ka mafuta. Mafuta atachuluka, malangizo anali akuti akagulitse, abweze ngongole, zotsalazo azidya ndi ana ake. Mneneriyo sanapemphepo gawo. Mulungu anapereka, koma kuwerenga katundu, kugulitsa ndi kubweza ngongole zinali ntchito za mayiyo, ndipo ngongole inali patsogolo.

Kubweza K300,000 kukupwetekani, ndisakunamizeni. Phindu la K140,000 kuchotsa K14,000 ya chakhumi ndi K120,000 ya pakhomo, yotsala ndi K6,000, ndipo katapila sabwezedwa ndi K6,000. Msampha umene ambiri amagweramo ndi wopereka chiwongoladzanja chokha kuti ngongole ilowe mwezi wina. Mukatero miyezi itatu mudzakhala mutapereka K300,000, K200,000 ija ili chiimire. Ndi bwino okala ichepe kamodzi kusiyana ndi kuti izikamidwa mwezi ndi mwezi. Yambani ndi kutolera ngongole zonse zimene anthu ali nazo kwa inu. Katundu amene wakhala pa shelefu miyezi iwiri osayenda, mafuta odzola odula aja ndi zina zongokongoletsa, mugulitseni pa mtengo wooda, ndalama ituluke. Pa zogulitsa za tsiku lililonse patulani K12,000, muzikapereka kwa wokongozayo Loweruka lililonse, asayine m'kope mwanu pali mboni. Masiku 25 ngongole yatha. Musakabwereke kwa katapila wina kuti mutseke uyu, ndipo musasiye chiphaso chanu cha unzika kapena khadi ya kubanki ngati chikole. Ngati muli m'banki m'khonde ndipo chiwongoladzanja chake n'chotsika, kutengako kuti mutseke katapila n'kwanzeru, koma ndalamayo ichoke pa mkeka kupita kwa wokongoza tsiku lomwelo, isagone m'nyumba.

Lonjezo la K100,000 lija musalithawe, ndipo musalikongolere. Mlaliki 5:5 amati kusalonjeza n'kwabwino kusiyana ndi kulonjeza osakwaniritsa, ndiye poti munalonjeza kale, pitani kwa msungichuma wa komiti ya chitukuko mumuuze kuti muyamba katapila akatha, K10,000 pa mwezi kwa miyezi 10. Makomiti ambiri amakondwa ndi munthu wobwera ndi ndondomeko, chifukwa amene amawasowetsa mtendere ndi oimika dzanja pagulu kenako n'kumazemba pakhomo la tchalitchi. Ulendo wina pepala la malonjezo likamazungulira, nyimbo ili pakamwa, musalembe nambala imene simunaione m'kope.

Kopelo ndiye nkhani yanga yaikulu, ndipo owerenga tsamba lino anatopa nane. Gulani kope la masamba olimba, osati timapepala ta m'katoni. Tsiku lililonse lembani zinthu zinayi: ndalama zimene zalowa, katundu amene mwaoda ndi mtengo wake, zolipira zina monga kabaza ndi magetsi, ndiponso zimene zatuluka popanda ndalama. Chachinayichi ndiye chimapha maokala. Paketi ya shuga yopita kukhitchini ilembedwe. Sopo amene mwapatsa apongozi alembedwe. Mabisiketi amene mwana watola pochokera kusukulu alembedwe. Mlongo wa kumpingo amene watenga mafuta kuti adzalipira mwezi ukatha alembedwe dzina, tsiku ndi ndalama, iye akuona. Anthu ambiri amachita manyazi kulemba ngongole ya mnzawo wopemphera naye limodzi, ngati kuti kulemba n'kumukayikira. Ngongole yosalembedwa ndiyo imadanitsa anthu mumpingo, chifukwa wina amakumbukira K8,000, mnzake K5,000.

Tsiku lomaliza la mwezi tsekani msanga, muwerenge katundu yense pa mtengo wooda. Katundu amene munali naye poyamba mwezi, kuphatikiza amene mwaoda, kuchotsa amene watsala, ndiye mtengo wa katundu amene wachoka. Zogulitsa za mwezi kuchotsa nambala imeneyo, kuchotsanso lendi ndi zolipira zina, chotsalacho ndilo phindu. Zimene munatengera kunyumba ziwerengereni ngati gawo la phindu limene mwadya kale. Chakhumi chizichoka pamenepo, kamodzi pa mwezi. Ngati mtima sukulolani kufika Lamulungu opanda envelopu, patulani K600 pa tsiku m'malo mwa K6,000, mwezi ukatha muwonjezere kapena muchepetse malinga ndi kope. Miyambo 27:23 imalangiza woweta kuti azidziwa bwino mmene nkhosa zake zilili. Zanu zili pa shelefu, ndipo simunaziwerengepo.

Chenjeraninso ndi phindu labodza mitengo ikamakwera. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amalonda amene anagulitsa katundu wakale pa mtengo wakale anaona ngati apindula, koma atafika kooda ndalama yomweyo inagula katundu wochepa. Powerengera phindu gwiritsani ntchito mtengo umene mukaodere mawa, osati umene munaodera sabata yatha. Mukapanda kutero mudzapereka chakhumi pa ndalama imene ndi mpamba ndithu, ngakhale kope likunena kuti ndi phindu.

Za abale sinditalikitsa. Kupatsa n'kuika, ndipo 1 Timoteyo 5:8 amadzudzula kwambiri munthu wosasamala a m'banja lake. Koma chithandizo chikhale ndi thumba lake. Katapila akatha, ikani pambali ndalama yodziwika pa mwezi, kaya K10,000, pa nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba imene siilandira ndalama za malonda. Wodwala, maliro, fizi yoperewera, zonse zichoke mmenemo. Likatha latha, ndipo mukhoza kunena ndi mtima woyera kuti mwezi uno ndathandiza kale, tidikire wamawa. Kuthandiza kwina sikufuna ndalama: kugonera wodwala kuchipatala, kuphika pa maliro, kusunga mwana wa mchemwali wanu iye akapita kuganyu. Chimene simuyenera kuchita ndi kutsegula kabati ya okala m'bale ali chiimire pawindo, chifukwa akaona K60,000 amaganiza zomwe inunso mwakhala mukuganiza, kuti yonseyo ndi yanu.

Yosefe ku Iguputo anasunga gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola kwa zaka 7, pamene anali atauzidwa kale ndi Mulungu zimene zikubwera, ndipo palibe amene amati anali wochepa chikhulupiriro. Inu gawo lachisanu simungalikwanitse panopa. Yambani ndi K500 pa tsiku yobwezera mpamba, ndipo pamene mukuoda tsamirani pa katundu woyenda msanga amene mungamupime pang'onopang'ono, monga mafuta oyeza, shuga ndi mchere wa m'timapepala, chifukwa pamenepo yapamwamba imaposa ya paketi yathunthu. Mwezi ukatha mundilemberenso ndi manambala atatu: katundu amene watsala pa mtengo wooda, ngongole zimene anthu ali nazo kwa inu, ndi zimene zatsala kwa katapila.