Mphunzitsi wa Chingerezi ku Japan akapanikizika, athamangire kuti?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi ku Japan. Kumeneko alibe m'bale ngakhale mmodzi. Zikamuvuta adalire ndani? Ndine mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Magulu a anthu odzipereka aliko, koma lililonse lili ndi polekezera, choncho mumfunse kaye kuti wamulemba ntchito ndani.

Ngati wadzera mu JET, pulogalamu ya boma la Japan yobweretsa aphunzitsi a zilankhulo ochokera kunja yomwe idayamba mu 1987, alowe AJET, bungwe la aphunzitsi anzake. Iwowa ali ndi Peer Support Group, yoyankha foni usiku mwachinsinsi. Ngati wamulemba ndi kampani, aimbire TELL Lifeline, yomwe yakhala ikumvetsera anthu m'Chingerezi kuyambira 1973. Usiku ndiye wovuta: Japan ili patsogolo ndi maola 7, kotero tulo tikamusowa cha m'ma 2 koloko kumeneko, inu kuno mukupakula nsima, ndipo mwina safuna kukudandaulitsani. Dziwani kuti oyankha mafoniwo ndi omvetsera, si madokotala. Pa ngozi aimbe 119 ya ambulansi kapena 110 ya apolisi.

Za m'kalasi, monga ana osafuna kuyankhula kapena kusamvana ndi mphunzitsi mnzake wachijapani, apite ku JALT, bungwe la aphunzitsi a zilankhulo ku Japan, komwe aphunzitsi amakumana m'nthambi za m'mizinda yosiyanasiyana.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa magulu a pa Facebook. Amathandizadi pa kupeza njinga, mbale kapena nyumba yotsika mtengo. Koma oyankha ambiri ali ndi mapasipoti a ku America kapena Britain, ndiye malangizo awo pa viza ndi chiphaso choyendetsera galimoto sangagwire kwa Mmalawi. Zoterezi afunse ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka, ndipo adzidziwitse ku kazembe wa Malawi ku Tokyo. Akapeza nyumba, alembetse adiresi ku ofesi ya mzinda pasanathe masiku 14. Khadi lake lokhalira m'dzikomo asamalisiye kunyumba.

FUNSO: Ndimaphunzitsa ku Osaka. Malipiro a Ogasiti andidula. Anzanga akuti ndingopirira.

YANKHO: Achimwene, musapirire musanawerenge kontrakiti. Makampani ena otumiza aphunzitsi m'sukulu amalemberatu kuti mwezi wa tchuthi salipira zonse. Ngati zidalembedwa ndipo mudasaina, mlandu ndi wovuta kupambana. Ngati mulibemo, ndalamazo ndi zanu. Sonkhanitsani kontrakiti, mapepala a malipiro ndi kaundula wa maola amene mudagwira, mupite nazo ku General Union, bungwe la ogwira ntchito lomwe lili ku Osaka komweko. Umembala ndi wolipira, ndipo ndi bwino kulowa mavuto asanakule. Dandaulo la kuboma limapita ku Labour Standards Inspection Office, ofesi yoona za malamulo a ntchito, kwaulere; tengani mnzanu wodziwa Chijapani. Mukasiya ntchitoyo, dziwitsani a zolowa ndi kutuluka pasanathe masiku 14.