Mafunso ndi mayankho: kupera galasi la telesikopu panyumba

Funso: Akonzi, ndimakhala ku Rosettenville mu Johannesburg ndipo ntchito yanga ndi yoika matailosi. Ndamva kuti munthu angathe kudzipangira galasi la telesikopu yoonera nyenyezi popanda makina. Ndiyambire pati?

Yankho: Bambo, yambani ndi galasi lozungulira la mamilimita 150 m'mimba mwake, lochindikala mamilimita 25. Lalikulu kuposa pamenepo lisiyeni kaye. Mulipere kuti kuwala kuzikumana pa mtunda wa mamilimita 1,200, zomwe amati f/8. Kuti zitero, pakati pa galasi payenera kulowa mkati mamilimita 1.17 okha.

Choperera chikhoza kukhala galasi lina lofanana nalo, koma inu ntchito yanu ikupepukitsirani: umbani chimbale cha simenti cha mamilimita 150, chikauma mumatepo ndi guluu wa epoxy timatailosi tolimba tosapaka, tosaposa mamilimita 25 mbali zonse. Musanayambe, fafanizani msonga wa m'mphepete mwa galasi ndi mwala wonolera mipeni wonyowa, mamilimita 2 kapena 3 kuzungulira konse. Mukapanda kutero mphepete imabenthuka.

Ikani choperera pa diramu yodzaza madzi kuti isagwedezeke, ndipo chipanikizeni ndi timatabwa titatu. Wazani theka la supuni yaing'ono ya ufa woperera wa silicon carbide nambala 80, dontheziranipo madzi, kenaka vundikirani galasi pamwamba. Pakati pa galasi pazidutsa cha m'mphepete mwa choperera, mukukanikiza ndithu. Mukakankha ndi kukoka kakhumi, sunthani phazi limodzi kuzungulira diramu, galasi mulizungulitse mbali inayo pang'ono. Chapamwamba chimadyeka pakati, chapansi chimadyeka m'mbali, ndiye dzenje limabwera lokha. Phokoso likazilala ndiye kuti ufa watha mphamvu, tsukani muike wina.

Poyeza, nyowetsani galasi, liimikeni, gwirani tochi pafupi ndi diso n'kumabwerera m'mbuyo uku mukuyendetsa tochiyo uku ndi uku. Pamene chithunzi cha tochi chadzaza galasi lonse n'kuyamba kuyenda mosemphana ndi dzanja lanu, yezani mtunda. Mukufuna mamilimita 2,400, kuwirikiza kawiri 1,200 uja. Mukayandikira, siyani kupera cham'mphepete, pakati pa galasi pazidutsa pakati pa choperera, galasi lizituluka mamilimita 25 kutsogolo ndi kumbuyo. Tsatirani ndi ufa wosalalirapo wa nambala 120, 220, 320, kenaka ufa wosalala kwambiri wa aluminium oxide wa ma micron (muyeso wa kukula kwa timbewu take) 25, 15 ndi 9. Musadumphe nambala maenje a ufa wam'mbuyo asanathe, makamaka m'mphepete momwe mumatsalira nthawi zonse.

Funso: Ndili ku Tembisa. Ndafika pa ma micron 15 koma galasi langa likutuluka ndi mikwingwirima. Nthawi zina limakanirira pa choperera osasuntha.

Yankho: Achimwene, mkwingwirima umodzi ndi kambewu kamodzi ka ufa wokhakhala. Kamabisala m'zikhadabo, m'mipata ya matailosi, m'malaya, ngakhale pa chivindikiro cha botolo. Posintha nambala tsukani zonse ndi bulashi, tayani nyuzipepala yoyala pa diramu, sinthani malaya, ndipo ufa wa 80 usakhale m'chipinda chimodzi ndi wosalala. Kuno ku Johannesburg onjezanipo fumbi la mphepo ya mu Ogasiti, makamaka kwa oyandikana ndi milu ya mchenga wa m'migodi. Masiku amenewo tsekani mawindo ndipo kolopani pansi m'malo mosesa. Onaninso mphepete ija, chifukwa ikathwanso imagwetsa tizibenthu tagalasi.

Mkwingwirima wokola chikhadabo umafuna kubwerera pa 220. Wosakola, pitirizani, utha wokha kapena sudzaoneka m'chithunzi.

Kukanirira kumabwera madzi akauma, ndipo mpweya wa kuno nyengo yozizira ndi wouma kwambiri. Fupikitsani nthawi, onjezani madzi msanga, dontho la sopo wamadzi limathandiza. Zikagwirana, zimizeni m'madzi ofunda mpaka zitaterereka. Hamala ayi.

Funso: Ndine mphunzitsi wamkazi ku Yeoville. Kupera ndamaliza. Kuwalitsa kumayenda bwanji, nanga ndidzadziwa bwanji kuti galasi lakhala bwino?

Yankho: Mayi, apa mpamene pali ntchito yeniyeni. Sungunulani phula lowalitsira magalasi pa moto wochepa, lisawire, ndipo musalisiye lokha poti limayaka. Thirani pa choperera mulingo wa mamilimita 6, dulani ngalande kuti pakhale timabwalo ta makona anayi, kabwalo kapakati kasakhale pakatikati penipeni. Pakani ufa wowalitsira wa cerium oxide wosakaniza ndi madzi, sanjikani galasi, lisiyeni lipanikize mphindi 20 tsiku lililonse musanayambe. Phula limamvera nyengo. M'galaja yozizira ya mu Julayi limauma gwa n'kumakanda galasi, pamene mu Okutobala limafewa n'kudya mphepete mopitirira. Chikhadabo chikanikizidwa mwamphamvu chizisiya kachizindikiro kochepa chabe.

Kuyeza kwake ndi kwa Léon Foucault, wasayansi wa ku France, kwa m'ma 1850, ndipo zida zake ndi kababu ka LED, lezala ndi kathabwa koyenda pa rula. Imikani galasi mamilimita 2,400 kuchokera pa kababu, ikani diso kuseri kwa lezala pamene kuwala kukubwerera, n'kulowetsa lezala pang'onopang'ono. Galasi likada lonse nthawi imodzi, ndiye kuti ndi gawo la mpira weniweni. Parabola, dzenje lozama pang'ono pakati kuposa la mpira, amene telesikopu ya mtundu wa Newton ngati iyi imafuna, amaoneka ngati donasi, ndipo pakati ndi m'mphepete zimada pa malo osiyana: mamilimita 2.3 ngati kababu kaima malo amodzi, 1.2 ngati kakuyendera limodzi ndi lezala. Mukachoka powalitsa dikirani ola limodzi. Kutentha kwa manja kumatukumula galasi, ndipo mthunzi wake umanamiza.

Langizo lathu ndi loti musathamangire parabola. Pa mamilimita 150 ndi f/8, kusiyana kwake ndi mpira n'kochepa zedi, moti galasi losalala lokhala ndi mphepete yabwino limaposa lokumbidwa mopitirira. Mdani wamkulu ndi mphepete yogwa, yodyeka mopitirira, imene imabwera ndi phula lofewa kapena kukankha motalikitsa. Ikakhala yopyapyala, ibiseni ndi mkombero wakuda wa mamilimita 2 kapena 3.

Galasi losapakidwa aluminiyamu limabweza kuwala pafupifupi 4 peresenti, kokwanira kuyesera pa mwezi. Pa dzuwa musaliloze, ngakhale losapakidwa, limapha maso. Kupakako kumachitika m'makina opopa mpweya, si kwa panyumba.

Funso: Kodi phula ndi ufa woperera ndizipeza kuti? Ndine wa ku Turffontein.

Yankho: Akulu, ufa wa silicon carbide umapezeka kwa ogulitsa zida zosalazira miyala yamtengo wapatali. Za phula, cerium oxide ndi kopakitsa aluminiyamu funsani ku nthambi ya Johannesburg ya bungwe la za nyenyezi la Astronomical Society of Southern Africa, komwe kuli anthu ozolowera kupera magalasi. Mukapita, nyamulani galasi lanu kuti wina aone mthunzi wake pa lezala musanalipakitse.