Tiyi landirani, koma za 5 peresentizo musaziveke chikhalidwe

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri, pamodzi ndi mayankho a anzathu. Mukuti kuntchito kwanu ndinu ogula katundu, mwapeza fakitale ku Guangzhou, ku China, yopanga mapanelo a sola ndi mabatire, anakulandirani bwino n'kukupatsani tiyi wa m'kabokosi kokongola, ndiye pano mnyamata wawo wa zamalonda wakulemberani pa WeChat, apu yotumizirana mauthenga ya ku China, kuti oda ikadutsa, 5 peresenti ilowa mu akaunti yanu. Ambiri akukuuzani kuti landirani, ndi chikhalidwe chawo, mukakana muwanyoza. Ine ku Guangzhou ndi ku Yiwu ndapitako kwa zaka zingapo, poyamba ndili pantchito ngati yanuyo, pano ndimadziodera ndekha. Tiyiyo landirani ndi manja awiri. Ndalamazo ayi.

Chikhalidwe chilipo ndithu, ndipo sindichipeputsa chifukwa chinandichititsapo manyazi. Ulendo woyamba ndinanyamula wotchi yapakhoma yosema, ya mapu a Malawi, ndikudziona ngati ndaganiza mwanzeru. Bwana wa fakitale anailandira, kumwetulira kwake kongokakamiza, n'kuipatsira mtsikana wa mu ofesi amene anatuluka nayo msangamsanga. Madzulo ndi pamene womasulira anandinong'oneza kuti m'chinenero chawo mawu akuti kupereka wotchi amamveka chimodzimodzi ndi kuperekeza munthu kumanda. Munthu ndikufuna andibwereke katundu, ine ndamutengera maliro. Nambala 4 nayonso amaipewa chifukwa imamveka ngati imfa. Envulopu yofiira ndi ya chisangalalo, yoyera ndi ya pamaliro. Mphatso amayamba aikana kaye kawiri katatu, ndipo kawirikawiri saitsegula wopereka akuona. Pa chakudya, mukamagundanitsa matambula ndi munthu wamkulu, yanu izikhala m'munsi pang'ono mwa yake. Zonsezi n'zoona, ndipo wozinyozera amataya malonda osadziwa chimene chalakwika. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Iwo ali ndi mawu akuti guanxi, ubale umene umamangidwa pang'onopang'ono ndi kudya limodzi, kuyenderana, kuthandizana lero kuti mawa nawe uthandizidwe. Ife si alendo pa zimenezi. Kupatsa n'kuikiza, ndipo kwa amfumu sitipita chimanjamanja. Komatu ngakhale mwana wa ku pulayimale kwathu kuno amasiyanitsa nkhuku yopita nayo kwa apongozi ndi "ya fanta" yopinda m'chikhatho. Mzungu atabwera n'kunena kuti "ya fanta" ndi chikhalidwe cha Amalawi tingapse mtima. Nanga ife tikuwanenera bwanji anzathu zomwezo?

Lamulo la ku China komweko limasiyanitsa. Lamulo lawo loletsa mpikisano wachinyengo pamalonda, limene linayamba mu 1993, limalola wogulitsa kutsitsa mtengo, limalolanso kulipira komishoni kwa mkhalapakati, koma zichitike poyera ndipo zilembedwe moona m'mabuku a mbali zonse ziwiri. Ndalama yodutsa kuseri kupita m'thumba la wantchito wa kampani yogula ndi chiphuphu, ndipo malamulo awo a milandu amalanga wopereka ndi wolandira yemwe, ngakhale onse atakhala a makampani wamba osati a boma. Mu 2014 khoti la ku Changsha linalipiritsa kampani ya mankhwala ya ku Britain, GlaxoSmithKline, ndalama zokwana 3 biliyoni yuan chifukwa chopereka ziphuphu kwa madokotala kuti azilembera odwala mankhwala ake. Ndalamazo zinkadutsira m'makampani okonza maulendo ndi misonkhano. Oweruza aja sananene kuti pepani, ndi guanxi. Ndipo chilowereni mtsogoleri wawo Xi Jinping pampando mu 2012, akuluakulu a boma analetsedwa maphwando odula ndi mphatso zapamwamba, moti malonda a mowa wodula ndi mawotchi apamwamba anatsika. Mnyamata amene wakulemberaniyo zonsezi akuzidziwa kuposa ine ndi inu. N'chifukwa chake wakulemberani pa foni yanu, osati pa imelo ya kuntchito.

Musaganize kuti ndikunena kuti azungu ndiye oyera. Ku Germany, mpaka mu 1999, kampani inkatha kupereka chiphuphu kunja n'kuchilemba ngati ndalama yoyendetsera bizinesi, n'kuchotseredwa msonkho. America inapanga lamulo loletsa makampani ake kupereka ziphuphu kunja mu 1977, zitaululika kuti kampani ya Lockheed inkagula akuluakulu a maiko ena kuti igulitse ndege, nkhani imene inamangitsa Kakuei Tanaka, amene anali atakhalapo nduna yaikulu ya Japan. Kampani ya ku Germany ya Siemens inalipira chindapusa cha pafupifupi madola 1.6 biliyoni mu 2008 ku boma la America ndi la Germany chifukwa cha ziphuphu. Anthu amenewa akagwidwa nyimbo yawo inkakhala imodzi: kumaiko amenewo ndi mmene amachitira. Ndaona kuti mawu akuti chikhalidwe amatuluka msanga pakamwa pa amene akudyapo. Wogula batire lofooka kumudzi samawanena.

Ngati kampani yanu imagwira ntchito ndi mabungwe kapena makampani a ku Britain, dziwaninso kuti lamulo lawo la 2010 ndi lolimba kwambiri, limaletsa ngakhale kangachepe kofulumizitsa mapepala, ndipo ambiri amasainitsa anzawo a kuno mapepala olonjeza zimenezi. Kwathu kuno Corrupt Practices Act ya 1995 imakhudzanso ogwira ntchito m'makampani wamba, si a boma okha ayi.

Koma tisiye za malamulo, tikambe za ndalamayo. Ichokera kuti? Fakitale sidula phindu lake chifukwa chokukondani. Mwina aiwonjezera pa mtengo, ndiye kuti mukubera abwana anu kudzera ku China. Apo ayi aichotsa mu katundu, ndipo apa ndi pamene pamapweteka. Batire la mtundu wa lead acid mphamvu yake ili mu mtovu wa m'kati. Akachepetsa mtovu, kunja limaoneka lomwelo, sitika yomweyo yosonyeza mphamvu ya 200Ah, koma muliike pa sikelo muone. Mnzanga wina amene tinkagwira naye ntchito analandira zoterezi. Kontena yoyamba inabwera bwinobwino. Yachiwiri mabatire anali opepuka moti anyamata otsitsa katundu ndi amene anayamba kudabwa, wina akunyamula limodzi yekha pamene kale ankagwirizana awiri. Patangotha miyezi yochepa makasitomala anayamba kubweza. Abwana anamuuza kuti alembere fakitale ibweze ndalama. Analemba kalata yaukali ndithu. Yankho linabwera pa foni yake, lopanda mawu, chithunzi chokha cha risiti ya ndalama zija. Kuyambira tsiku limenelo iye ndi amene ankaikira kumbuyo fakitaleyo pa misonkhano, mpaka anasiya ntchito yekha.

Tsono poti kukana kungawanyoze, apa anzathu akunena zoona pang'ono. Ulemu wa pamaso pa anthu, umene iwo amati mianzi, ndi nkhani yaikulu. Musamulalatire mnyamatayo, musamutchule wakuba, ndipo musamuyalutse pagulu la WeChat pamene pali abwana ake. N'kutheka kuti mwini fakitale sakudziwa n'komwe, mnyamatayo akungothamangitsa komishoni yake ya mwezi. Muyankheni mofatsa, muthokoze chifukwa chokuganizirani, munene kuti malamulo a kampani yanu ndi ovuta ndipo maodita amafufuza chilichonse, choncho 5 peresentiyo aichotse pa mtengo, ioneke pa proforma invoice, pepala la mtengo limene amatumiza musanalipire, ngati kuchotsera. Mwamupatsa khomo lotulukira osachita manyazi, chifukwa mlandu mwaukankhira ku malamulo, ndipo iwo njira imeneyi amaimva bwino. Kenako muone chimene achite. Akavomera msanga, mwadziwa kuti mtengo woyamba unali wokwera ndipo mwina pali pena potsitsa. Akayamba kuzemba, akuti kuchotsera sikutheka koma ya m'thumba ikutheka, dzifunseni kuti amafuna kugula chiyani kwa inu.

Pomwepo mudzamvanso funso lina, lakuti invoisi ya kasitomu tilembe zingati, kutanthauza kulemba mtengo wotsika kuti msonkho wa pa boda uchepe. Ambiri amalifunsa ngati akukufunsani ngati mumwa tiyi wa shuga. Limenelonso si chikhalidwe cha ku China. Anaphunzira kwa ife ogula, ndipo katundu akagwidwa pa boda dzina lolembedwa pa mapepala ndi lanu.

Uthenga uja musaufufute. Ujambuleni, muwaonetse abwana anu inu musanayankhe, tiyi ujanso muwauze, ngati n'kotheka mukamwere limodzi ku ofesi. Musanalipire ndalama yomaliza tumizani munthu woyendera katundu akayeze mabatire angapo pa sikelo kontena isanatsekedwe, ndipo kulemera kwa batire limodzi kulembedwe mu kontrakiti. Mukamadzapitanso, mwina pa Canton Fair, chionetsero cha zamalonda cha ku Guangzhou, cha mu Epulo kapena cha mu Okutobala, musapite chimanjamanja. Ine ndimanyamula khofi wa ku Mzuzu ndi mtedza wa makadamiya, mapaketi awiri kapena asanu ndi limodzi, osati anayi. Tiyi wa ku Thyolo ndinayesapo kamodzi, anandithokoza mwaulemu kwambiri moti ndinazindikira ndekha kuti ndatengera madzi kunyanja.