Kupepesa, kutonthoza ndi kulimbikitsa si chinthu chimodzi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mnzanu wa kuntchito mayi ake amwalira, iye wathamangira kumudzi, inu mwatsala ku Johannesburg, ndiye mukufunsa ngati "pepani" yekha akukwanira, komanso ngati kupepesa, kutonthoza ndi kulimbikitsa n'chimodzimodzi. Amasiyana ndithu, ndipo kusiyana kwake kwagona pa nthawi yowanenera.

Yambani ndi pepani, ndipo musamuderere. Kwathu pepani si wa munthu wolakwa yekha. Munthu akapunthwa pamsewu odutsa amati pepani, chikhalirecho mwalawo sanauike ndi iwo. Pamaliro n'chimodzimodzi: mukumuuza mnzanuyo kuti ululu wake mwauona ndipo wakukhudzani. Mukamuimbira nenani kuti, "Pepani kwambiri ndi zovuta zakugweranizi, tamva kuti mayi atisiya." Musati afa. Munthu timati atisiya, amwalira, atsogola kapena agona, ndipo kuchokera pamenepo powatchula timayamba ndi malemu. Ngakhale wobweretsa uthenga pakhomo amayamba ndi "kwagwa zovuta," kuti womvayo akhazikike kaye asanamve dzina.

Kutonthoza ndiye nkhani yaikulu. Mwana akamalira mayi amamutonthoza mpaka atonthole: amamubereka, kumusisita, kuyenda naye pabwalo. Samamufotokozera chifukwa chake sayenera kulira. Pamaliro amayi akafika amalowa m'nyumba ya siwa, n'kukhala pamphasa pafupi ndi anamfedwa, kulira nawo limodzi. Wina amagwira wofedwayo paphewa, wina kumumanganso chitenje chimene chamasuka, wina kumunyengerera kuti amweko phala poti chichokereni kuchipatala sanalawe kanthu. Abambo ali panja pamoto usiku wonse, kwaya ikuimba mpaka mbandakucha. Kumeneko ndiko kukhuza maliro, ndipo mawu amakhala ochepa kwambiri. Kumbukirani anzake a Yobu: anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu. Zinthu zinasokonekera atayamba kumufotokozera chifukwa chimene mavutowo anamugwera. Ndiye inu poti muli kutali, kutonthoza kwanu kukhale kumvetsera. Akayamba kulira pafoni musadule, musathamangire kudzaza mpatawo ndi malangizo. "Ndikukumvani, ndili pompano" akukwana.

Kulimbikitsa kumabwera pambuyo. "Limbani mtima" ndi mawu abwino, koma akanenedwa tsiku loyamba amamveka ngati mukuti basi, kulira kwakwana. Ineyo zimandipweteka ndikamva munthu akuuzidwa "musalire" thupi la mayi ake lidakali m'nyumba. Alire ndithu, ndi mayi ake amenewo. Nthawi ya limbani mtima ndi pamene adzukulu akwirira, anthu asesa pakhomo, mwambo wometa wachitika kwa amene amautsata, abale abwerera m'matauni, ndipo nyumba yatsala zii. Apo ndi pamene munthu amafuna womuuza kuti ana akuyang'ana iye, adye, agone, adzuke.

Palinso mawu amene anthu amanena ndi mtima wabwino koma amabaya. "Anali okalamba kale, apumula." Kwa mwana wawo sanali okalamba, anali mayi. "Tonse tikupita komweko" ndi zoona, koma sizichotsa ululu wa lero. Oipitsitsa ndi amene amauzidwa mayi wotaya khanda, akuti "mudzabereka wina," ngati kuti mwana amalowedwa m'malo. Nawo mawu akuti "chinali chifuniro cha Mulungu" asiyireni abusa kapena wofedwayo mwini wake akafika powanena. Musafunsenso kuti amadwala chiyani. Pamwambo pamakhala woimira banja amene amafotokoza mmene matenda ayendera, ndipo zimene iye sananene ndiye kuti banja silinafune kuti zinenedwe.

China chimene ndimachiona pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp: anthu amangolemba "mzimu wawo uuse mumtendere" n'kudutsa. Pemphero limeneli ndi labwino, koma likupita kwa malemu. Wotsalayo simunamuuze kanthu. Lembani zonse ziwiri, ndipo ngati malemuwo munkawadziwa tchulani kanthu kamodzi kamene mumawakumbukira nako, kaya kuseka kwawo kaya mmene ankalandirira alendo. Anamfedwa amawerenga mauthenga otere mobwerezabwereza. Ngati mnzanuyo ndi Msilamu, mudzamva abale ake akunena "Inna lillahi wa inna ilayhi raji'un," kutanthauza kuti ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Asilamu amaika maliro msanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena mawa lake, choncho musachedwe kuimba.

Tsono za chipepeso. Kumudzi munthu amabwera ndi ufa, nkhuni, shuga, ndiwo kapena ndalama, wina n'kumalemba m'kope, ndipo kawirikawiri zimalengezedwa pamwambo. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndiye chipepeso si malipiro kapena chionetsero, ndi kunyamulirana katundu, poti pamaliro anthu ambirimbiri amadya ndipo bokosi ndi galimoto zimafuna ndalama. Nthawi ya Covid, mu 2020 ndi 2021, pamene anthu ankaletsedwa kusonkhana ambiri, ambiri anazolowera kutumiza pafoni. Inunso kuchokera kumeneko mutha kutumiza pa Mukuru, kapena kudzera mwa m'bale amene ali ndi Airtel Money kapena Mpamba. Koma ndalama zisapite zokha. Yambani mwaimba, kenako nenani kuti, "Ndatumiza kangachepe, muguleko shuga wa alendo." Musatchule kuchuluka kwake pagulu.

Pomupepesa mnzanuyo, ngakhale mumaitanana iwe masiku onse, pa nkhani iyi ulemu wa inu umakhala bwino, makamaka ngati uthengawo awerengeranso abale ake. Mupempheni akupepesereni kwa bambo ndi kwa onse apabanja. Pakapita masabata awiri kapena atatu, mauthenga a ena atasiya kubwera, mumuimbirenso n'kumufunsa kuti, "Mukupezako bwanji masiku ano, mukugona?" Akabwerera ku Johannesburg mukamuone kunyumba kwake musanakumane kuntchito, chifukwa kwathu munthu amene sanafike pamaliro amakapepesabe pakhomo ngakhale papite mwezi.