Ana a m'chigwa alembe timabuku tawotawo

Mphunzitsi wina wa Sitandade 4 ku Nsanje wandilembera imelo. Ali ndi ana opitirira 100, mabuku owerenga ndi ochepa, ndipo ena anapita ndi madzi nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Akufunsa ngati anawo angathe kulemba ndi kujambula timabuku tawo ta nkhani, poti ambiri kunyumba amalankhula Chisena ndipo Chichewa cholemba chimawavutabe.

Aphunzitsi, angathe ndithu. Chachikulu musayambire pa pensulo, yambirani pakamwa. Tulukani nawo mukakhale pansi pa mtengo, pajatu kalasi ya malata ku chigwa imasanduka ng'anjo masana. Agaweni m'magulu a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense asimbe chinthu chimene anaona ndi maso ake. Mwana wa kumeneko sasowa nkhani. Wina adzanena za ng'ona imene inavuuka padooko amayi akuchapa, wina za mvuu zimene zinatha chimanga kudimba usiku umodzi, wina za tsiku loyamba kuoloka Shire pa bwato, kapena za agogo ake akuzula nyika kudambo chaka cha njala. Nthano za Kalulu ndi Fisi n'zabwino, koma zimenezo zibwere pambuyo. Buku loyamba likhale la pamene mwanayo anapondapo phazi, chifukwa apo palibe amene angamuuze kuti walakwa.

Gulu likasankha nkhani imodzi, ajambule kaye. Tsamba lililonse chithunzi chimodzi, m'munsi mwake chiganizo chimodzi basi. Mwana amene kulemba kumam'vuta nthawi zambiri ndi amene amajambula ng'ombe yooneka ngati ikupuma, ndipo gulu limayamba kumulemekeza.

Tsopano za Chisena, zimene ndikuona kuti ndi zomwe zikukudetsani nkhawa. Mwana akalemba mwadiya m'malo mwa bwato, kapena pinthu m'malo mwa zinthu, chonde musathamangire cholembera chofiira. Mawu amenewo ndi amene anamva kumsana kwa amayi ake. Mukawadula, amaphunzira kuti za kwawo sizilowa m'buku, ndipo mawa adzangokopera za mnzake. Asiyeni mawuwo akhale, kenaka patsamba lomaliza anawo alembe mndandanda: mbali ina Chisena, mbali ina Chichewa. Akamatero akuphunzira Chichewa chomwecho chimene mayeso amafuna, koma mopanda manyazi. Zolakwika za kalembedwe konzani papepala loyeserera, ndi pensulo, ziwiri kapena zitatu zokha. Bukulo lenileni musalembemo kanthu.

Zipangizo zisakuopseni, ndi TALULAR yomwe ija ya kukoleji, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lanu lomwelo. Mapepala awiri a A4 mukawapinda pakati amakupatsani masamba 8. Chikuto dulani ku katoni ya sopo, musoke ndi singano ndi ulusi womasula ku thumba lakale. Makala akupatsani mtundu wakuda, dothi la katondo wofiira, masamba aawisi otikita papepala wobiriwira.

Pali chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Ena adzafuna kulemba za madzi osefukira, za kumsasa, za nyumba imene inagwa. Aloleni, ndipo khalani nawo pafupi. Koma musapereke mutu umenewu kwa kalasi yonse, chifukwa pakati pawo pali amene anataya abale, ndipo sitidziwa amene wakonzeka kuzinena.

Timabuku tikatha, eni ake alembe maina awo pachikuto, zilembo zikuluzikulu. Pitani nawo ku Sitandade 1 akawerengere ang'ono awo, ndipo tsiku lotsekera sukulu makolo amve ana awo akuwerenga. Posunga, ikani mu ndowa ya pulasitiki yovindikira bwino, muipachike pamwamba pomwe chiswe ndi madzi sizingafike. Mukatha loyamba, nditumizireni chithunzi chake, ndikufunitsitsa kuona mwadiya ameneyo.